Mwini Mawu Pamene Moto Wabuka

M'mwezi wa Okutobala, udzu ukauma ku Satemwa kapena ku Naming'omba m'boma la Thyolo, moto wolusa umathamangira nkhalango za bulugamu, zimene nkhuni zake zimaumitsa tiyi m'fakitale. Galimoto zozimitsa moto za mzinda wa Blantyre zili kutali. Tsono udindo umagwera kapitawo amene wayamba kufika.

Iyeyu sayenera kugwira ndowa kapena chitsamba. Amaima pamtunda, napenya kumene mphepo ikuloŵera, nagaŵa ntchito: ena kulambula mzere wotchinga moto, ena kutunga madzi, mmodzi kukanena ku ofesi. Asanaŵatume amaŵaŵerenga, pakuti utsi ukadzaza m'chigwa, wosoŵa sadziŵika msanga. Mkulu wa ozimitsa moto akafika, kapitawo amamfotokozera kumene kuli munthu aliyense, nampatsa ulamuliro wonse.