Nkhondo Yobisika M'tsamba la Nshawa

Mlimi wa ku Zemba, m'boma la Chadiza, akaona nshawa zake zitapinimbira, masamba atakhwinyata ndi kuchita chikasu, safuna womuuza kuti kadukutu walowa m'munda. Pakuti nthendayi, imene inalembedwa koyamba ku Tanganyika mu 1907, ndipo imafalitsidwa ndi nsabwe zoyamwa masamba, inasakaza mahekitala pafupifupi 43,000 kuno kum'mawa kwa Zambia m'chaka cha 1995 chokha. Koma chimene maso ake sangathe kupenya nchakuti chomeracho, ngakhale chilibe dzanja kapena mwendo wothawira, sichigonja chisanamenye nkhondo.

Lamulo lililonse lotuluka m'majini a chamoyo limanyamulidwa ndi mthenga wotchedwa RNA, kachingwe ka zilembo zondondozana, ndipo selo likawerenga uthengawo limaumba puloteni. Vayirasi yoyambitsa nthenda ngati kadukutu nayo imadza ndi RNA yake, imene pochulukana imapiringizana zingwe ziwiri, chinthu chimene selo limachiyesa chizindikiro cha mdani. Pamenepo puloteni ina, dzina lake Dicer, imadula chingwecho m'tizidutswa ta zilembo 21 kufikira 24, ndi kutipereka kwa inzake yotchedwa Argonaute, imene, itagwira kachidutswako, imasanthula selo lonse nidula RNA iliyonse yogwirizana nako, kotero kuti uthenga wa mdani umafera m'njira. Andrew Fire ndi Craig Mello anaulula chinsinsichi mu 1998 pofufuza tinyongolotsi, nalandira mphotho ya Nobel mu 2006. Koma amene anayamba kuona tizidutswato ndi Andrew Hamilton ndi David Baulcombe ku Norwich mu 1999, ndipo anationa m'zomera, ulemu umene ine ndiyesa sitiyenera kuwamana.

Nanga munthu angagwire bwanji puloteni imodzi pakati pa zikwizikwi zosaoneka, zosakanizika m'madzi a tsamba losinja? Apa mpamene kalulu, amene m'nthano zathu amachenjerera anzake onse, wachenjereredwa. Akatswiri amam'baya kachidutswa ka Argonaute, ndipo thupi lake, pozindikira kuti kanthuka nkachilendo, limapanga ma antibody, ndiwo mapuloteni a chitetezo cha m'magazi amene amakangamira chinthu chimodzi chokha. Ali ngati ulimbo umene ungakole mpheta yokha, mbalame zina zonse nkumatera ndi kuuluka. Atawatenga m'magaziwo amawamatika pa timikanda tating'onoting'ono, naviika timikandato m'madzi a tsamba, natsuka kawirikawiri kufikira zonse zitachoka. Chotsala ndicho Argonaute, itafumbatabe tizidutswa take ta RNA, ndipo powerenga zilembo za tizidutswato amadziwa mdani amene chomera chinali kum'saka. Njira ina ndiyo kuyala mapuloteni pa kapepala monga mwa kulemera kwake, kuti antibody aonetse mzere pamene puloteniyo yaima. Aliyense amene anayezetsa malungo naona mizere iwiri pa kachipangizo ka kuchipatala waona kale ma antibody ali pa ntchito yotere.

Ndi njira yomweyi ya ma antibody gulu la Gregory Hannon ku Cold Spring Harbor linakoka Dicer m'maselo a ntchentche mu 2001, ndi kutsimikiza kuti ndiyo mdulitsi. Mu 2007 kunadziwikanso kuti mavayirasi ena oyenda ndi nsabwe ali ndi puloteni yawo, P0, imene imachititsa selo kuwononga Argonaute yake yomwe: mzere uja unkazirala pa kapepala. Komatu kuona maso a nkhono nkudekha, pakuti antibody nthawi zina amakangamira puloteni yolakwika, ndipo wofufuza wanzeru sakhulupirira mzere asanayese tsamba la chomera chopanda jiniyo, kuti aone ngati mzerewo usowa.

Kadukutu ndi ntchito ya atatu opangana: vayirasi yothandizira, GRAV, inzake, GRV, ndi kachingwe ka RNA kokhalira pa GRV, kamene makamaka ndiko kamapundula chomera. GRAV ili ndi chovala cha puloteni, motero ma antibody amaigwira mosavuta. GRV ilibe chovala chakechake, imabwereka cha inzake kuti nsabwe iinyamule, ndipo oifuna amayeza RNA yake. Poyeza motere, akatswiri anapeza kuti mbewu zopirira, monga ya bungwe la ICRISAT ku Chitedze imene Amalawi amaitcha Nsinjiro ndipo kuno ndi Chishango, zimakaniza GRV pamene GRAV imapezekabe m'masamba ake obiriwira. Chalimbana wa makolo athu alibe mphamvu imeneyi, nchifukwa chake alangizi amaumirira kuti abzalidwe ndi mvula yoyamba, mothithikana, ndi kuti nshawa zomera zokha m'chilimwe, zimene zimasunga nthenda ndi nsabwe zomwe, zizulidwe.