Phazi lopindika si mlandu wa mayi

Mwezi wathawu kuchipinda chathu cha mafizo kunabwera mayi wachitsikana atabereka khanda kumbuyo, atalikuta ndi nsalu ziwiri ngakhale kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Atamutsitsa mwanayo ndinaona chimene ankabisa. Mapazi onse awiri anali opindikira mkati, zidendene zitakokekera m'mwamba, kunsi kwa mapazi kutayang'anana. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, iye anandifunsa motsitsa mawu: "Adokotala, ndiuzeni zoona, ndinalakwa chiyani ine?" Apongozi ake anali atanena kale kuti kumtundu kwawo sikunabadwepo mwana wotere, ndipo bambo wa mwanayo anali atachoka pakhomo podikira kuti ankhoswe akambirane.

Funso limeneli ndalimva kambirimbiri, ndipo sindinalizolowere. Milandu imene amayi amapatsidwa ndimaidziwa pamtima. Ena amati anaseka munthu wolumala ali woyembekezera. Ena amati anazembera mwamuna wake, ena amati ankamanga chitenje mothina mpaka mwana anasowa potambasulira miyendo, ena amaloza jakisoni wolera amene ankabayitsa asanatenge pathupi. Nthawi zina chala chimaloza bambo, kuti anakhwimira geni yake, kapena agogo ena a m'mudzi amene alibe wowaikira kumbuyo. Koma kawirikawiri mtolo wonse umagwera mayi, munthu amene wangochira kumene, amene akufunika phala lotentha ndi tulo.

Ndinene mosapsatira: palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimapinda phazi la mwana.

M'mabuku athu vutoli timalitcha talipes equinovarus, ndipo pa Chingerezi cha tsiku ndi tsiku amati clubfoot. Mwa ana 1,000 alionse obadwa, mmodzi kapena awiri amabadwa nalo, ku Malawi kuno ngakhalenso kumayiko olemera kumene amayi savala zitenje. Limagwira anyamata kwambiri, pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi atsikana, ndipo pafupifupi theka la anawa amakhala nalo kumapazi onse. Chimene chimachitika n'chakuti mwana akamaumbika m'mimba, minyewa ndi mitsempha ya kumbuyo ndi mkati mwa mwendo imakhala yaifupi ndi yolimba, ndiye imakoka timafupa ta phazi n'kutikhazika malo olakwika. Zimayamba msanga, moti nthawi zambiri sikani ya pakati pa miyezi ya pathupi imatha kuonetsa. Pa ana ambiri timalemba mawu akuti idiopathic, kutanthauza kuti vutolo labwera lokha popanda matenda ena aliwonse kumbuyo kwake. Limayenda pang'ono m'magazi, ndipo likhoza kudzera kuchimuna kapena kuchikazi chimodzimodzi. Pa ana ochepa limabwera limodzi ndi vuto la msana lotchedwa spina bifida, n'chifukwa chake timamutembenuza mwana n'kuyang'ana kumsana tisanagwire phazi. Chinthu chimodzi chimene ofufuza apeza kuti chimawonjezera chiopsezo ndi fodya pa nthawi ya pathupi, koma amayi ambiri amene ndimawaona sanasutepo m'moyo mwawo. Komanso si poliyo ayi. Poliyo amagwira mwana wobadwa bwinobwino, pamene ili ndi vuto lobadwa nalo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nthawi imene mlanduwu umadya. Banja likamakangana zoti walakwa ndani, mwana amabisidwa m'nyumba. Kusikelo sapita naye, poopa maso a amayi anzake. Ena amayamba apita kaye kwa sing'anga, ndipo mwana amatifika ali ndi mphini kuzungulira akakolo, phazi lili chipindikire. Pamene akuluakulu anati mmera mpoyamba ankanena zoona zenizeni za ntchito yathu, chifukwa phazi la khanda n'lofewa, mafupa ake ambiri akadali chichereche, ndipo limamvera dzanja kuposa nthawi ina iliyonse m'moyo.

Njira imene timagwiritsa ntchito anaiyambitsa Dokotala Ignacio Ponseti, wobadwira ku Spain mu 1914, amene anagwira ntchito pa yunivesite ya Iowa ku America mpaka atakalamba. Iye anaona kuti ana ochitidwa opaleshoni yaikulu akakula mapazi awo amauma ndi kupweteka, ndiye anaphunzira kuwongola phazi ndi manja pang'onopang'ono. Analemba zotsatira zake mu 1963, koma madokotala anzake ambiri sanamulabadire kwa zaka zoposa 30, mpaka makolo eniake anayamba kuuzana pa intaneti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Masiku ano tsiku lake lobadwa, 3 June, ndi tsiku lokumbukira vutoli padziko lonse.

Ntchito yake ndi iyi. Sabata iliyonse timaligwira phazi mofatsa, kulitembenuza pang'ono, n'kuika chikhakha kuyambira kuzala mpaka kuntchafu, bondo litapindidwa. Nthawi zambiri zikhakha 5 mpaka 8 zimakwanira. Kenako ana ambiri amafunika tenotomy, mawu amene amaopsa makolo koma ndi kabala kakang'ono kwambiri kodula mtsempha wa kuchidendene, titabaya mankhwala a dzanzi. Mtsemphawo umalumikizananso wokha uli wautali bwino m'masabata atatu amene mwana amakhala m'chikhakha chomaliza. Ana oposa 9 mwa 10 alionse phazi limawongoka motere. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chimathandiza ana ambiri otere, ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma muli ogwira ntchito za mafupa ndi mafizo amene anaphunzitsidwa njirayi. Mia Hamm, katswiri wa mpira wa miyendo wa ku America amene anatenga nawo chikho cha dziko lonse cha amayi mu 1991 ndi 1999, anabadwa ndi phazi lopindika. Kristi Yamaguchi, amene anapata golide pa Olimpiki mu 1992, nayenso anayamba moyo ali m'zikhakha.

Koma sindikufuna kuti muganize kuti munthu amene sanawongoledwe ndiye kuti moyo wake unatha. Zambiri zimene ndikudziwa za vutoli sindinaziphunzire m'kalasi. Anandiphunzitsa ndi akuluakulu amene anakula nalo pa nthawi imene chithandizochi kunalibe. Ndikukumbukira bambo wina, telala, amene amayendera m'mbali mwa mapazi, pamene khungu linalimba chifukwa chopondera zaka zambiri. Makina ake amawapalasa ndi mapazi omwewo, ndipo ana ake onse anawaphunzitsa sukulu ndi singano. Nditamufunsa chimene chinamuvuta kwambiri pokula, sanayambe ndi ululu. Anayamba ndi nsapato, kuti sanapezepo yomukwana pamsika uliwonse. Anatchula mtunda wa kusukulu nyengo ya dzinja, matope akalowa m'zilonda. Anatchula anthu amene akafika pashopu pake amalankhula ndi mnyamata womuthandiza, ngati kuti kupindika kwa phazi kunafika mpaka kumutu. Ndipo anatchula mayi ake, amene anamwalira akukhulupirirabe kuti iwo ndiwo anamulakwira. Apa ndi pamene mawu ake ananjenjemera.

Bambo ameneyu anandisiyitsa chizolowezi chimene ambiri timachiyesa ulemu, chomuyamikira munthu waulumali kuti ndi wolimba mtima chifukwa choti wadzuka n'kupita kuntchito. Iye safuna chisoni, komanso safuna kusandutsidwa chitsanzo cha pamaliro kapena cha muulaliki. Amafuna kuti kasitomala ayang'ane msoko wa malaya, akakhutira alipire, akapanda kukhutira adandaule monga angachitire kwa telala wina aliyense. Ndinaphunziranso kwa iye kuti munthu waulumali amalidziwa thupi lake kuposa ife a makoti oyera. Akandiuza kuti ndodo inayake imamutopetsa phewa, ndimamvera, chifukwa iye ndiye wayenda nayo. Ndipo kulandira mmene ulili sikuletsa kufuna chithandizo. Mwana wake wamwamuna atabadwa ndi phazi limodzi lopindika, anabwera naye yekha sabata yoyamba, mkazi wake akadali chigonere. "Mwanangayu asadutse m'mene ndinadutsa ine," anatero, ndipo sanaphonyepo tsiku la chikhakha.

Tsopano ndifike pamene timagwera nthawi zambiri, chifukwa malo akundithera. Chikhakha chimawongola phazi, koma chimene chimalisunga ndi nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo pakati. Zimene zimapezeka kwambiri kuno ndi za mtundu wa Steenbeek, zimene zinapangidwa koyamba ku Uganda kuti amisiri athu azitha kuzisoka ndi chikopa ndi chitsulo chopezeka pafupi. Mwana amavala maola 23 pa tsiku kwa miyezi itatu, kenako usiku ndi pogona masana mpaka atakwanitsa zaka 4 kapena 5. Apa ndi pamene agogo amayang'ana phazi n'kunena kuti lachira, mukumuzunziranji mwana. Mayi amene wakhala akunyozedwa miyezi yonseyi safuna kuti anzake aone kachitsuloko, ndiye amakabisa pansi pa bedi. Pakapita miyezi phazi limayamba kubwerera, ndipo timayambiranso. Sindimawakalipira amayi otere. Ndalama ya kabaza ndi minibasi sabata ndi sabata si yamasewera, makamaka nyengo yolima, ndipo nthawi zambiri mayi amakhala akulimbana nazo yekha. Abambo, mwana ameneyu ndi wanunso. Bwerani naye kuchipatala, phunzirani kumanga zingwe za nsapatozo, ndipo mukayankhe abale anu inuyo.

Mwana amalira masiku oyamba a nsapato, koma ambiri amazolowera msanga mukapanda kumamuvula akangolira. Yang'anani chidendene ngati chakhala pansi bwino ndiponso ngati sipakutuluka matuza. Ali m'chikhakha, musachinyowetse, thewera lizikhala kunja kwake, ndipo muziyang'ana zala kangapo pa tsiku. Zikatupa, zikazizira, zikasintha mtundu, kapena zikalowa mkati osaonekanso, musadikire tsiku limene munapatsidwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Phazi lowongoledwa likhoza kukhala locheperako pang'ono ndipo katumba wa mwendowo amakhala woonda, koma zimenezi siziletsa kuthamanga kapena kumenya mpira. Ana sali ofanana, ena amafunika zikhakha zambiri kapena opaleshoni ina akakula, choncho amene wamugwira mwana wanu ndi manja ndiye angakuuzeni bwino kuposa nkhani ya m'nyuzipepala. Ndipo ngati pakhomo panu pali mwana amene wayamba kale kuyenda ndi phazi lopindika, kaya ali ndi zaka zitatu kaya ali kale pasukulu, bwerani naye. Zimatenga nthawi yotalikirapo, koma ambiri timawathandiza ndithu.