Tulo ta pa mpamba: masiku anayi m'kaloji ka ku Kariakoo

Anthu akationa tikutsika basi pa Manjawira ndi zikwama zotupa mpaka zipi kukana, amafunsa zinthu ziwiri: zitenje zabwera za maluwa anji, nanga nyanja ya mchere ija tidaiona? Za komwe tidagona palibe amafunsa. Inenso sindinkafunsa, kufikira mu June 2025 pomwe azakhali anga, omwe akhala akuoda katundu ku Dar es Salaam kwa zaka zoposa khumi, adanditenga kuti ndikaphunzire njira poti mawondo ayamba kuwavuta.

Ndalama zomwe ndidamanga m'chiuno sizidali zanga zonse. Theka lidali ngongole ya ku banki mkhonde kwathu, yobweza ndi chiwongoladzanja, ndipo amayi awiri a m'gululo adandipatsira zawo kuti ndiwagulire nsapato za ana. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense wa geni yodutsa malire amadziwa kuti ndalama imayamba kusungunuka usadagule kanthu. Madola ndi osowa, choncho umasintha kwacha kukhala mashilingi a ku Tanzania, ndipo mpukutu womwe udachoka nawo kunyumba umabwerera m'manja utaonda. Ndiye munthu ukamafika mumzindamo, shilingi iliyonse yopita kwa mwini loji imaoneka ngati chitenje chimodzi chomwe wachisiya m'sitolo.

Ulendo wake sindikhalitsapo. Lilongwe, Mzuzu, kutsika Chiweta, Karonga, kuoloka mlatho wa Songwe wapansi n'kulowa Kasumulu, kenaka basi ina yodzera Iringa ndi Morogoro mpaka pa depoti ya Magufuli ku Mbezi. Masiku awiri athunthu, miyendo itatupa. Beira ndi Nacala ali pafupi ndi kwathu kuposa Dar es Salaam, koma ogulitsa mopikulitsa omwe timawafuna adaunjikana ku Kariakoo, ndiye timalambalala nyanja zapafupizo.

Tidafika usiku. Tisadatsike n'komwe takisi, anyamata adatizungulira, aliyense akutchula loji yake. Wina adati ali ndi chipinda cha mashilingi 15,000. Azakhali adali atandiuza kale kuti komwe amafikira iwo n'kwa 30,000. Ndidawerengera mwachangu: masiku anayi, tipulumutsa 60,000.

"Azakhali, bwanji tikaone kaye kwa mnyamatayu?"

Adandiyang'ana monga amayang'anira mwana wofuna kugwira mbaula. Koma sadakane. "Tiye ukaone, kuti mawa ndikadzakhala kulibe usadzanamizidwe."

Nyumba yake idali yopyapyala, yaitali, yopanikizika pakati pa zinzake ziwiri. Pansi masitolo, pamwamba zipinda. Masitepe adali amodzi okha, opapatiza moti anthu awiri sangapatukirane, ndipo pokhotera paliponse padali mabelo ounjikidwa. Chipindacho chidali pa nsanjika yachisanu. Ine ndidathamangira kukagwira matilesi. Azakhali bedi sadaliyang'ane n'komwe. Adatseka chitseko, n'kuchikankha ndi phewa, loko n'kugwedera ngati dzino la mwana. Adasuzumira pazenera: zitsulo zowotcherera, kunja khoma la nyumba ina. Kenaka adafunsa mnyamata uja m'Chiswahili chawo chothyokathyoka kuti geti la pansi amakhoma nthawi yanji ndipo kiyi amagona naye ndani. Yankho lidali lakuti mlonda amakhoma n'kupita kukalondanso sitolo ina kuseri.

Tidatsika osanena kanthu. Tili pamsewu ndi pomwe adandikumbutsa za pa 16 November 2024, tsiku lomwe nyumba ya nsanjika zinayi idagwa ku Kariakoo komweko m'mawa anthu atayamba kale malonda, n'kupha anthu oposa 20. Adandikumbutsanso kuti msika waukulu wa Kariakoo udapsa mu July 2021. "Moto ukabuka m'masitolo a pansiwo, iwe uli pamwamba, geti lokhoma, kiyi ali kuseri. Utulukira pati? Anthu a ku Manjawira adzasonkha zingati kuti akutenge kuno?"

Funso lachiwirilo ndi lomwe lidandilowa. Kunyamula maliro kuchoka ku Dar es Salaam mpaka ku Ntcheu kungagwetse banja lonse.

Kaloji ka azakhali sikadali kokongola, ndisakunamizeni. Penti yosupuka, fungo la mankhwala a udzudzu losakanikirana ndi la anyezi wokazinga, TV yolendewera pakhoma yongoonetsa mpira. Koma chipinda chathu chidali pa nsanjika yoyamba, masitepe awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo mlonda amagona pampando pageti pomwepo. Chitseko chidali ndi malo oikapo loko wako. Azakhali adatulutsa wawo m'kachikwama, yemwe ayenda naye zaka zonsezi.

Polandirira alendo padali buku lalikulu lolembamo dzina, nambala ya pasipoti, komwe wachokera, komwe ukupita, ntchito, ndi mzere wina wolembedwa kuti kabila, kutanthauza mtundu wako. Ndidalemba kuti Mngoni. Mnyamata wa pamalopo adaseka n'kufunsa ngati ndine wa ku Songea. Nditati ayi, wa ku Malawi, adati, "Aaa, Mnyasa!" Ndi momwe amatitchulira kumeneko. Sadaphonye kwenikweni: Angoni a Maseko, a kwa Gomani ife, makolo athu adakafika mpaka ku Songea asadabwerere kudzakhazikika ku Domwe ndi kuno ku Ntcheu. Ndidayesa kumufotokozera, koma Chiswahili changa chidathera pa moni.

Chinenerochi chimanyenga Mchewa chifukwa chimamveka ngati chapachibale. Maji ndi madzi, moto ndi moto, nyumba ndi nyumba. Umayamba kudzimva kuti ukumva zonse. Koma ukafunsa hoteli, ena amakulozera kodyera, osati kogona. Malo ogona otchipa amati gesti. Za kunyengaku ndibwereranso, pakuti kudandidyera ndalama.

M'chipindamo mudali bedi limodzi lalikulu, neti yokhala ndi mabowo awiri omwe tidamanga ndi timipira ta kumutu, fani ya kudenga yolira ngati chigayo chakutali, ndi bafa lokhala ndi ndowa ndi kapu poti shawa imangodontha. Kwathu ndidanyamuka nditavala juzi, June ameneyu. Kuno eni ake amati ndi nyengo yozizira, koma ine thukuta lidali kamukamu, mpweya wolemera ngati uli m'khitchini mophikidwa nyemba. Magetsi atathima pakati pa usiku, fani n'kuima, ndidadzuka kukhala tsonga. Azakhali ali mkonono, ndalama zili m'kathumba kosokerera mkati mwa siketi yomwe adagona nayo. Mbandakucha azana idayamba m'mizikiti yozungulira, umodzi kulandiza unzake, ndipo isadathe, mawilibala ndi ngolo zokankha zidali zitayamba kale kugogoda pamsewu.

Tsiku loyamba logula ndi lomwe ndidamvetsa chomwe timalipira. Chipinda cha woodayo ndi nkhokwe. Umapita ku msewu wa Uhuru kukasankha zitenje, ukadzadza chikwama umabwerera kukatula, n'kupita ku msewu wa Congo kukaona zovala ndi nsapato, kubwereranso. Tsiku limenelo tidayenda maulendo asanu. Loji ikakhala kutali ndi msika, ulendo uliwonse ndi ndalama ya bajaji, ndiponso ndi mpata woti wina akutsate aone komwe ukusunga katundu. Ikakhala pa nsanjika yachisanu, wonyamula amakweza mtengo pa sitepe iliyonse. Madzulo bedi limasanduka tebulo: kuyala zonse, kuwerenga, kufananiza ndi malisiti, poti pa Songwe a MRA adzafuna kuona mapepala powerengera msonkho. Tidapeza kuti m'katoni ina ya nsapato mudali za kumanzere ziwiri za saizi imodzi. Chifukwa tidaona usiku womwewo ndipo sitolo idali pafupi, m'mawa adatisinthira. Zikadaonekera pa Manjawira, bwenzi ili nkhani ina ndi mayi mwini ndalama.

Loji yomweyo ndi pomwe pamamvekera nkhani. Pakhonde la kumbuyo, pomwe timadyera chipsi mayai ndi tiyi wa zonunkhira, padali amayi a ku Zambia, a ku Congo, ndi Amalawi anzathu awiri a ku Mzuzu ndi ku Limbe. Pamenepo ndi pomwe umamva kuti lole yopita ku Kasumulu ikupakira kuti, wosintha ndalama uti amapinda manoti, sitolo iti yayamba kusakaniza nsalu yeniyeni ndi yachinyengo. Palibe chikwangwani chimanena zimenezi. Ndimaona kuti amene amalangiza amayi za bizinesi m'misonkhano amataya nthawi yambiri pa kalembedwe ka mapulani, pomwe sukulu yeniyeni ya geniyi ili pamakonde ngati limeneli.

Dzina loti Kariakoo lidachokera ku mawu a Chingerezi oti Carrier Corps, gulu la onyamula katundu wa asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, omwe adali ndi msasa pamalo amenewa. Kwathu anthu otere tinkawatcha amtengatenga. Nyasaland yokha idapereka amuna pafupifupi 200,000 ku ntchito imeneyo pakati pa 1914 ndi 1918, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Ndinkaganiza zimenezi poona anyamata akukwera masitepe belo lili pamsana, ndi poona azakhali akumanga chikwama ndi chingwe, bondo lili pamwamba pake. Malowa sadasiye ntchito yomwe adatchulidwira.

Tsopano za kupusa kwanga. Tsiku lomaliza basi yathu idali yamadzulo. Azakhali adalawirira kukaperekeza katundu wamkulu kokwezera, n'kundisiyira mawu: ndifunse nthawi yotulukira m'chipinda, ndilongedze zotsala, ndizisiye m'stoo ya loji, ndibweze kiyi. Ndidafunsa mnyamata uja. Adati, "Saa nne." Nne ndidaidziwa, ndi zinayi. Folo koloko. Mtima udati myaa: ndili ndi tsiku lonse, ndipite ndikaione nyanja yomwe aliyense adzandifunse.

Ndidakwera basi ya mwendokasi, zija zili ndi msewu wakewake, mpaka ku Kivukoni. Ndidadutsa pamsika wa nsomba, kuona nsomba zazitali ngati mwana wa Sitandade 1 ndi zamoyo zina za miyendo yambirimbiri zomwe sindingaike m'kamwa. Ndidakwera pantoni kuolokera ku Kigamboni n'kubwerera nayo yomweyo. Sitima zonyamula makontena zidali ndii kudikira kulowa padoko, ndipo ndidaganiza kuti mwina mafuta ndi feteleza zomwe timadikira kwathu zili m'menemo. Madzi ndidawalawa ndi chala. Ndi amchere ndithu.

Nditabwerera cha m'ma 2 koloko ndidapeza azakhali atakhala pampando wa mlonda, nkhope ili gwa. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: 7 koloko m'mawa ndi saa moja, ola loyamba. Saa nne ndi 10 koloko m'mawa. Ndidali nditachedwa ndi maola anayi, kiyi ali m'thumba mwanga, ndipo m'buku adali atalemba kale tsiku lina: 30,000.

"Nyanja yako ija waigula bwanji?" adatero azakhali. Sadakweze mawu, zomwe zidawawa koposa.

Adapempha kuonana ndi mwini malo, mayi wachikulire wovala mpango wakuda. Adalankhulana kwa mphindi zingapo, ndidangotolapo mawu oti mtoto ndi mgeni, mwana ndi mlendo. Mayiyo adatsegula mabuku akale, n'kuloza dzina la azakhali tsamba ili, tsamba ilo, chaka ndi chaka. Adadula pakati: 15,000. Adandiuzanso kudzera mwa azakhali kuti ndikadzabwera ndekha ndidzaimbiretu foni, adzandisungira chipinda chomwecho. Kwa mnyamata wa pa nsanjika yachisanu kuja, yemwe sakadatidziwa n'komwe, sindikhulupirira kuti akadatichotserako ngakhale shilingi.

Titabwerera, Lachinayi lotsatira ndidakapereka malipoti ku banki mkhonde pansi pa mtengo wa mango womwe timakumanapo. Amayi awiri aja adagwirizana nane kale kuti zolipira za panjira tigawana molingana ndi katundu wa aliyense, choncho ndidawerenga zonse poyera: basi, msonkho, onyamula, chakudya, malo ogona. Pa malo ogona mayi wina wachikulire adandiimitsa.

"Inu anzathu, mwati kudali kwa 15,000, inu n'kukagona kwa 30,000? Ndalama za eni?"

Ndidafotokoza za masitepe, za geti, za loko, za nsapato za kumanzere. Ena adagwedeza mutu kuvomereza, iwo sadakhutire, ndipo sindiwada: sadaione nyumba ija, adangoona manambala. Tidavota, ambiri adati mtengowo ulowe m'buku. Koma 15,000 ya saa nne ija sindidaiike pa gulu. Msungichuma atafunsa kuti nanga mzere womwe ndafufutawu ndi wa chiyani, ndidati ndi wa nyanja, ndalipira ndekha.

Ulendo wa mu October ndidapita ndekha. Azakhali adandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo basi itaima adandipanikiza kanthu kozizira m'dzanja. Adali loko uja, makiyi ake awiri atamangidwa pa kansalu.