Kuŵerenga Buku la Marko ndi Mafunso Aŵiri

Anzanga, mwa mabuku anayi a Uthenga Wabwino, lalifupi ndi la Marko. Lili ndi mitu 16 yokha. Mukamaŵerenga mutu umodzi patsiku, mudzalitsiriza asanathe masabata atatu. Koma ena amatopera panjira, amvekere: "Nkhani zachuluka, sindikuona pogwira." Pogwira pake ndi mafunso aŵiri aŵa: Yesu akuitana yani? Nanga akumutuma kuti?

Yambani pa mutu 1. Oyamba kuitanidwa ndi asodzi anayi: Simoni, Andreya, Yakobo ndi Yohane. Aŵiri anali kuponya khoka, aŵiri anali kusoka makoka m'ngalawa. Amene munatsikako phiri kupita ku Malindi mukuidziŵa ntchito imeneyi. Ophunziraŵa sanali ochenjera koposa ife, ayi. Kaŵirikaŵiri sanali kumvetsa, ankalimbirana ukulu panjira, ndipo Petro anamukana Yesu katatu. Marko sabisa zimenezi. Ine ndimamukondera pomwepo, chifukwa mphunzitsi aliyense amadziŵa kuti wophunzira amagwa nadzukanso.

Tsono onani mutu 6. Yesu atuma khumi ndi aŵiri aja, aŵiriaŵiri. Awaloleza ndodo ndi nsapato, koma kamba, thumba ndi ndalama, iyayi. Ndiye kuti wotumidwayo ndi mlendo, adzadya nsima ya eni mudzi. Akakamukana, achoke. Sanawauze kuti akakamize munthu kapena kutukwana. Kuno ku Namwera, kumene Asilamu ndi Akhristu timatunga pa chitsime chimodzi ndi kulira maliro limodzi, mau ameneŵa ndi ofunika kuwaŵerenga mofatsa.

Zoterezi zinachitikanso pa nyanja yathu ino. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anafika ku Cape Maclear pa sitima yotchedwa Ilala. Mmodzi wa iwo anali Dr Robert Laws. Malungo anapha anzake angapo, manda awo alipo mpaka lero. Munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, patapita zaka zoposa zisanu. Ansembe a White Fathers nawonso anakhala kwa Mponda kuyambira 1889, nachoka mu 1891 osasiya mpingo. Mukaŵerenga fanizo la wofesa mbeu pa mutu 4, kumbukirani anthu ameneŵa. Mbeu yambiri m'fanizomo inapita pachabe.

Mutu 5 uli ndi munthu wina amene anachiritsidwa kutsidya kwa nyanja. Iye anapempha kukwera nawo ngalawa. Yesu anakana, namuuza kuti apite kwao akafotokozere abale ake. Uyunso ndi wotumidwa, ngakhale sanayende ulendo wautali. Mishoni itasamukira ku Bandawe mu 1881, Namalambe anatsala ku Cape Maclear, akuphunzitsa ndi kuyang'anira ntchito imene azungu anaisiya.

Madzulo ano tsegulani mutu 1, pensulo ili m'manja. Pamene mwapeza munthu akuitanidwa, chongani kamodzi. Pamene akutumidwa, chongani kaŵiri. Mau amene akuvutani, alembeni papepala, mubwere nawo ku kalasi.