Mfuti ya Greener yatsala yamasiye

Mukamva pa wailesi kuti apolisi alanda mfuti kwa mbava kapena kwa opha nyama mozemba, mayina amene amamveka kawirikawiri ndi atatu: AK-47, gogodela ndi Greener. Awiri oyambawo ambiri timadziwa kochokera kwake. AK-47 idachuluka m'dziko muno chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique imene idatha mu 1992, pomwe gogodela ndi ija ya makolo yothira wonga kukamwa. Nanga Greener n'chiyani?

Greener ndi dzina la banja lina la ku England. William Greener adayamba kusula mfuti mu 1829 mumzinda wa Newcastle, ndipo mu 1844 adasamukira ku Birmingham, kumene kudali dera lonse la amisiri a mfuti okhaokha. Mwana wake, W.W. Greener, amene adamwalira mu 1921, ndiye adatchukitsa dzinali padziko lonse. Kuno kwathu lidazika mizu moti ena amangoti Greener pa mfuti iliyonse yomwaza timipira ta mtovu, monga momwe mankhwala aliwonse otsukira mano timangowati Colgate.

M'malokeshoni a mu Blantyre, kaya ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, muli nyumba zina zimene kuseri kwa wadirobu kuli mfuti yotere, yokulungidwa m'chiguduli. Eni ake ambiri ndi madala amene adaipeza kalekale, nthawi imene mwamuna wopata bwino ankadziwika ndi njinga, wailesi ndi mfuti yopirikitsira nguluwe ndi anyani kumunda. Ena mwa madalawo adatisiya. Mfuti idatsala.

Chimene ana ndi adzukulu sadziwa n'chakuti fakitale imene idapanga mfutiyo nayo kulibe. Mu 1965 banja la Greener lidagulitsa bizinesi yake ku kampani ya Webley & Scott, ndipo nyumba zimene ankapangiramo mfuti ku Birmingham zidagwetsedwa pomanga msewu waukulu. Dzinalo lidaomboledwa mu 1985 ndi mmodzi wa zidzukulu za banjali pamodzi ndi anzake, koma zimene amapanga kuchokera pamenepo ndi mfuti zochepa kwambiri, zosema pamanja, za anthu olemera. Mfuti ya mlimi ija adasiya.

Mfuti ya mlimiyo dzina lake lenileni ndi Greener GP. Imalowa chipolopolo chimodzi basi. Ukatsitsa kachitsulo ka pansi pake imatsegula kukamwa n'kulavula chikhungwa cha chipolopolo chakale, ukakabweza yatseka. Kapangidwe kameneka kadachokera ku mfuti ya Martini-Henry imene asilikali a Britain adayamba kugwiritsa ntchito mu 1871. Zitsulo zoyenda mkati mwake n'zowerengeka, n'chifukwa chake imapirira fumbi, mvula ndi manja osasamala. M'zaka za m'ma 1920 kampaniyi idapangira apolisi a ku Egypt mtundu wina wa mfutiyi, ndipo pambuyo pake idaupangira zipolopolo zakezake zosapezeka m'sitolo, kuti wakuba akaiba ingokhala ngati ndodo m'manja mwake.

Si Greener yekha adagwa. Webley & Scott, amene adamugula, adasiya kupanga mfuti zosakira ku Birmingham mu 1979. BSA, kampani yomweyo imene inkapanganso njinga zakapalasa ndi zamoto, idagwa mu 1973, ndipo gawo lake la mfuti lidagulidwa ndi Gamo ya ku Spain mu 1986. Ku America, Winchester idaleka kupanga mochuluka mfuti yake yotchuka ya Model 12 mu 1964 chifukwa inkadya ndalama zambiri popanga, ndipo fakitale yake ya ku New Haven idatsekedwa mu 2006. Remington, imene idagulitsa mfuti za mtundu wa 870 zoposa 11 miliyoni kuchokera mu 1950, idalephera kubweza ngongole kawiri, mu 2018 ndi mu 2020, ndipo fakitale yake yakale ya ku Ilion idatsekedwa mu 2024. Zaka zomalizira isanagwe, alenje a kumeneko ankadandaula kuti 870 yotsika mtengo ikumachita dzimbiri msanga komanso kukakamira chikhungwa ikaombedwa, zimene za makolo awo sizinkachita.

Chidawagwetsa n'chiyani? Mfuti yakale inkadutsa m'manja mwa amisiri ambiri: wina wa mpope, wina wa zitsulo zamkati, wina wosema thabwa la paphewa, wina womaliza ndi tupa kuti chilichonse chigwirane bwinobwino. Malipiro a amisiri atakwera nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, ntchito yotere idakhala yodula. Nthawi yomweyo mayiko amene ankalamulidwa ndi Britain, kuphatikizapo lathu lino mu 1964, adalandira ufulu, ndipo maoda akuluakulu a maboma a atsamunda adauma. Kenaka msika udadzaza ndi mfuti zotchipa zochokera ku Spain, Italy, Japan ndi Russia. Baikal ya ku Russia, yosaoneka bwino koma yolimba ngati khasu, idalanda makasitomala ambiri a mfuti za chipolopolo chimodzi.

Amene adapulumuka ndi aja adasankha kutumikira mabwana okhaokha, koma nawonso ali m'manja mwa eni atsopano. Purdey wa ku London, amene adayamba mu 1814, adagulidwa mu 1994 ndi Richemont, kampani ya mawotchi ndi ndolo zamtengo wapatali, ndipo mfuti yake yatsopano imodzi ikhoza kuposa mapaundi 100,000. Holland & Holland adagulidwa ndi Chanel, inde yemwe uja wa mafuta onunkhira, mu 1989, kenaka mu 2021 adapita kwa Beretta wa ku Italy.

Masiku ano mfuti zambiri zotsika mtengo zikuchokera ku Turkey, ndipo zina zimadindidwa mayina akale a ku England monga Webley & Scott. Pali zabwino ndithu pakati pake, ndipo makina a masiku ano amadula chitsulo molondola kuposa dzanja. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: dzina lolembedwa pampope silikunenanso za amene adaipanga. Wogula akuyenera kufunsa dziko ndi fakitale.

Tsono tibwerere kuseri kwa wadirobu kuja, chifukwa ngozi yeniyeni ili kumeneko. Mbiri yoti Greener siifa yapusitsa anthu ambiri. Chitsulo chimakalamba ngati munthu. Mfuti imene yagona zaka 20 m'nyumba yodontha, m'chinyontho cha mvula ya mu Januwale ndi chiperoni cha mu Juni, imadyeka ndi dzimbiri mkati mwa mpope momwe diso silifika. Kunja ikhoza kumawala chifukwa mwini wake amaipukuta ndi mafuta, koma khoma la mpope litapyapyala. Tizilombo tija timamanga zisa zadothi m'makona a nyumba timakondanso kumanga m'kamwa mwa mfuti yoimikidwa. Kuombera mfuti yotsekeka motero, mpope ukhoza kuphulika.

Vuto lina ndi la zipolopolo. Mfuti zambiri zakale za ku England zidapangidwira zipolopolo za mamilimita 65, pomwe zofala masiku ano ndi za 70, ndipo zina zamphamvu kwambiri ndi za 76. Choipa n'chakuti muyezowu ndi wa chipolopolo chikatseguka pophulika. Chisanaombedwe chimakhala chachifupi, motero chachitali chimalowa bwinobwino m'mfuti yosayenera, mwini wake n'kumati zatheka. Chikaphulika chimasowa malo otsegukira, mphamvu yonse n'kukankha chitsulo chokalamba kale. Muyezo woyenera umadindidwa pampope kapena pansi pake, pamodzi ndi zidindo za nyumba yoyesa mfuti ya Birmingham Proof House, imene idakhazikitsidwa mu 1813 ndipo ikugwirabe ntchito. Koma chidindo chimenecho chimachitira umboni tsiku limene mfuti idayesedwa, mwina agogo anu asanakwatire.

Zipolopolo zakale nazo zili ndi khalidwe lake. Zija za chikhungwa cha pepala, zimene zidayamba kulowedwa m'malo ndi za pulasitiki m'zaka za m'ma 1960, zimafufuma zikamwa chinyontho. Zina zimakana kulira, zina zimachedwa. Munthu amakoka, osamva kanthu, n'kutembenuza mfuti kuti asuzumire. Alenje odziwa amadikira theka la mphindi mfuti italoza kosaopsa asanaitsegule.

Ndipo ikathyoka sipuling'i kapena kamsomali kogogoda chipolopolo, sipeya akachokera kuti, poti fakitale idagwetsedwa kalekale? Apa m'pamene ena amathamangira kwa owotcherera. Amisiri a ku Ndirande ndi anthu aluso, palibe angatsutse. Amadzutsa galimoto imene eni ake ku Japan adaiiwala, amapanga mbaula, mageti ndi mawilibala kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Koma mfuti si geti. Moto wowotcherera umasintha kulimba kwa chitsulo, ndipo pamene pawotchereredwa m'pamene padzang'ambike. Kamsomali kotalika pang'ono kakhoza kuchititsa mfuti kulira yokha pongoitseka. Ineyo ndikuona kuti mfuti imene yafika pofuna wowotcherera yamaliza ntchito yake, ngakhale ikhale ndi dzina lotani.

Komanso tinene zoona, yosaka nayo ili kuti? Phiri la Ndirande lidametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990. La Soche, pamwamba pa Zingwangwa, ndi la Bangwe atsala miyala ndi minda. Michiru, kuseri kwa Chilomoni, ndi malo otetezedwa kumene kusaka n'koletsedwa, ndipo nakonso nkhwangwa za owotcha makala zalusa zaka zapitazi. Ku Majete, kumene nyama zidatsala pang'ono kutheratu ndi misampha ndi mfuti, bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2003 n'kubwezeretsamo njovu, zipembere ndi mikango, ndipo ku Liwonde lidalowa mu 2015. Lamulo loteteza nyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, moti milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30 m'ndende. Mdzukulu wotenga mfuti ya agogo kuti akayese mwayi kumeneko akusewera ndi unyamata wake wonse.

Patsala nkhani ya chiphaso, imene mabanja ambiri amaiphonya pogawa chuma cha masiye. Malinga ndi lamulo la mfuti la 1967, munthu sasunga mfuti popanda chilolezo, ndipo chilolezocho chimalembedwa dzina la munthu mmodzi. Bambo akamwalira sichisamukira kwa mwana woyamba kapena kwa amalume ngati mmene imachitira njinga. Mayi wamasiye amene akusunga Greener ya malemu amuna awo pansi pa bedi, ngakhale sadaigwirepo n'kamodzi komwe, lamulo limawaona ngati wosunga mfuti popanda chilolezo, ndipo ikabedwa n'kukapezeka pamalo a umbanda, mafunso oyamba adzafikira iwo.

Chofunika n'kupita kupolisi ya pafupi ndi chiphaso chakale ngati chilipo, pamodzi ndi kalata ya imfa, n'kukafotokoza. Musainyamule nokha m'minibasi. Apolisi ndiwo anene momwe ikafikire kumeneko, ndipo wofuna kuisunga m'banjamo akapemphe chilolezo m'dzina lake. Zipolopolo zakale zimene zili m'chitini pamwamba pa kabati muzitchulenso, zipite limodzi.