Kutsukitsa Zithunzi: Bwanji Zina Zimazilala Msanga?

Kuno ku Ntcheu timanenabe kuti "ndikukatsukitsa chithunzi", ngakhale m'masitudiyo a lero mulibe chotsuka chilichonse. Mawuwa adatsalira kuchokera nthawi ya filimu, pamene wojambula ankayenda pa njinga mudzi ndi mudzi, kamera ili m'khosi. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 24 kapena 36, ndipo ikadzaza inkapita kumzinda kukaviikidwa m'mankhwala. Wojambulidwa ankadikira masabata angapo.

Lero situdiyo ya pa boma kapena ya m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 imadalira kamera, kompyuta, printa, inki ndi mapepala. Chithunzi chimatuluka muli chiimire. Koma ambiri akudandaula kuti zithunzi za ukwati kapena za ku Umhlangano ku Nkolimbo zikuzilala chaka chisanathe.

Gwero lake kawirikawiri ndi inki ndi pepala. Inki yotchipa yothiridwa pa pepala wamba siipirira dzuwa kapena chinyezi cha nthawi ya dzinja. Musanalipire, funsani ngati akusindikiza pa pepala lenileni la zithunzi, lokhuthala lija, ndipo ligwireni ndi manja anu. Kumata pulasitiki kumateteza ku madzi, koma chithunzi chakale cha agogo, chomwe ndi chimodzi chokha, musachilowetse m'makina otentha aja. Achijambule kaye pa kompyuta, popeza pulasitikiyo ikamatika siimatukanso.

Chithunzi chikatuluka cha chimbuuzi, nthawi zina wolakwa si wa situdiyo. WhatsApp imachepetsa chithunzi pochitumiza, moti chooneka bwino pa foni chimaphwanyika pa pepala lalikulu. Ndi bwino kupita ndi foni yomwe idajambulayo kapena memori khadi yake.

Izi zikukhudzanso makomiti a VDC ndi ADC. Mjigo kapena chipinda chophunziriramo chomangidwa ndi ndalama za CDF chijambulidwe ntchito isanayambe, ili mkati, ndiponso itatha, wojambula ataima malo amodzimodzi. Kuseri kwa chithunzi mulembe tsiku ndi dzina la mudzi ndi pensulo, chifukwa inki ya bolopeni imatha kulowerera. Kukabuka mkangano ndi kontilakita pa za maziko kapena njerwa, zithunzi zotere zimakhala umboni m'faelo ya komiti, pamene za m'foni ya mlembi zimapita limodzi ndi foniyo ikabedwa.

Za chiphaso cha unzika ndiye musavutike nazo: kuyambira kalembera wa 2017, a NRB amajambula okha nkhope ya munthu pomulemba.