Njinga Yamoto Ikakana Kulira, Funsani Mafunso a Pamafuwa

Njinga yamoto ikakana kulira m'mawa, mtima umathamangira ku zikuluzikulu. Wina amayamba kuwerengera mtengo wa pisitoni, wina amati injini yonse yatha basi. Koma ife amene timakhalira kumasula njingazi timaona kuti zambiri zobwera pagalaja mochita kukankha zimakhala ndi vuto laling'ono, loti mwini wake akanalipeza yekha ndi sipanala ya pulagi. Chofunika n'kudziwa poyambira, ndipo nzeru yake muli nayo kale kukhitchini kwanu.

Injini ndi moto wosonkhedwa m'kachipinda kachitsulo. Taganizani za moto wa pamafuwa. Kuti uyake pamafunika nkhuni zouma, mpata wolowera mpweya ndi machesi, ndipo kuti nyemba zipse pamafunika chivundikiro chogwira bwino, nthunzi isamathawe. Mu injini ya Boxer, ya Lifo kapena ina iliyonse ya 100, 125 kapena 150cc imene akabaza amayendetsa, nkhuni ndi petulo, mpata wa mpweya ndi fyuluta, machesi ndi pulagi, ndipo chivundikiro ndi mavalavu pamodzi ndi maring'i a pisitoni. Pisitoni ikamatsika imakoka petulo wosakanikirana ndi mpweya, ikamakwera imamupanikiza, pulagi imathetheka, moto umabuka n'kukankhira pisitoni pansi, kenako ikamakweranso imatulutsa utsi. Zimenezi zimabwerezedwa maulendo masauzande pa mphindi imodzi. Chimodzi mwa zinayi zija chikasowa, moto palibe.

Mayi akaona kuti moto ukukana, sagumula khitchini. Amayamba ndi zapafupi. Inunso musanagwire sipanala, onani ngati kiyi mwatembenuza, ngati giya ili pa nyutulo, komanso kabatani kofiira kozimitsira injini kamene kali kudzanja lamanja pa njinga zambiri. Ana amakonda kukaseweretsa njinga ikakhala pakhonde.

Tsopano nkhuni. Gwedezani njinga mumve ngati m'thanki mukukhuvuka petulo. Pansi pa thanki pali kampopi kolembedwa ON, OFF ndi RES. Petulo akachepa, pa ON satulukanso ngakhale m'thanki mukumveka kuti alimo, ndiye tembenuzirani pa RES. Kenako pezani kasikuluwu kamene kali pansi penipeni pa kabureta, kamasuleni pang'ono, muike botolo looneka mkati. Petulo akamatuluka mosadukiza, njira yake ili bwino. Akamangodontha, paipi yapindika kapena kasefa kake kadzaza zinyalala. Palinso kabowo kakang'ono pa chitsekero cha thanki kolowetsa mpweya. Kakatsekeka, njinga imayenda makilomita ochepa n'kuzima, mukatsegula chitsekero mumamva kuti fwee, ndipo imaliranso ngati palibe chachitika.

Musataye msanga petulo wa m'botolo uja. Muikeni poyera adikhe. Mukaona timadontho tatsikira pansi, amenewo ndi madzi, ndiye kuti mukusonkhera nkhuni zonyowa. Petulo wa m'Malawi muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira mu 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ethanol amakoka chinyontho. N'chifukwa chake njinga yoima masabata ambiri m'dzinja ili ndi petulo wochepa m'thanki imachita madzi ndi dzimbiri. Petulo wogula m'zigubu m'mphepete mwa msewu muzimusefa ndi kansalu koyera musanathire, chifukwa timabowo ta m'kabureta n'tating'ono kwambiri, kamchenga kamodzi n'kokwanira kutseka.

Nkhuni zikakhala zili bwino, funsani za mpweya. Moto wounjikiridwa nkhuni mopanda mpata umangofuka, maso n'kumawawa, nsima osapsa. Injini imafuna mpweya wochuluka kuposa momwe ambiri amaganizira: kilogalamu imodzi ya petulo imapsa bwino ndi makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya. Mpweya wonsewo umadutsa pa fyuluta, ndipo m'misewu yathu yafumbi, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fyulutayo imatsekeka msanga. Zizindikiro zake ndi utsi wakuda ku ekizozi, njinga kulefuka pokwera chitunda, ndi petulo kutha mofulumira. Fyuluta ya siponji itsukeni m'parafini, muifinye osaipotokola, iume, muipake oyilo pang'ono n'kufinyanso. Ya pepala satsuka. Igogodeni fumbi ligwe, ikada kwambiri gulani ina. Chonde musayendetse njinga mutachotsa fyuluta poti ikupuma bwino. Fumbi lolowa mu injini limadya maring'i, ndipo ndalama yokonzera imaposa kutali ya fyuluta.

Choke imachepetsa mpweya dala kuti injini yozizira ilire msanga, monga m'mawa wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu. Injini ikafunda, ibwezereni. Ambiri amayenda tsiku lonse ataiiwala, madzulo n'kumadandaula kuti njinga ikumwa petulo.

Funso lachitatu ndi machesi, ndipo apa m'pofunika kufatsa, chifukwa pulagi imaulula zonse zochitika mkati. Dikirani injini izizire, chotsani chipewa cha pulagi, masulani pulagiyo muyang'ane kunsonga kwake. Ikakhala yabulauni ndi youma, moto ukuyaka bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka kuposa mpweya, bwererani ku fyuluta ndi choke. Ikayera mbuu, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha mopitirira, ndiye yang'anani ngati labala yolumikiza kabureta ku injini sinang'ambike. Ikanyowa ndi kununkha petulo, petulo akufika koma sakuyatsidwa. Ikakhala yakuda monona ndi oyilo, vuto lili mkati, ndipo tifikako.

Kuti muone ngati ikuthetheka, ibwezereni m'chipewa chake, mugunditse mbali yake yachitsulo pa injini, patali ndi bowo lomwe mwaichotsa komanso patali ndi petulo wotayika. Gwirani palabala pokha, chifukwa magetsi ake amagwedeza mkono. Pondani kiki. Kamoto kabuluu kolira kuti tche tche ndiko kabwino. Kachikasu kofooka kapena kosaoneka n'komwe, yesani pulagi ina. Mpata wa kunsonga kwa pulagi pa njinga zambiri zazing'onozi umakhala mamilimita 0.6 mpaka 0.7, ndipo umakula pulagi ikamakalamba. Pulagi yatsopano ikakananso, tsatirani waya wake mpaka ku koyilo ndi ku CDI, muone ngati pena sipanaduke kapena kuchita dzimbiri. Mukawoloka mtsinje kapena mukanyowa ndi mvula, pukutani mkati mwa chipewa chija, madzi amabisala momwemo. Pulagi yapadera isamasowe m'kabokosi ka zipangizo.

Batire lisakusokonezeni. Mukadina sitata n'kumva kuti ke ke basi, lizani hutala. Ikalira mofooka, batire laphwa kapena mitu yake yamasuka. Batire lodzaza limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 pa mita, ndipo injini ikamalira mwamphamvu limafika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Likapanda kukwera, vuto si batire koma zotchajira, ndipo kugula lina n'kutaya ndalama.

Chotsala ndi chivundikiro. Phazi lanu ndilo limadziwa. Kiki ya injini yabwino imalimba penapake musanaigonjetse. Ikamangotsika yokha mopanda kukana, mphamvu ikuthawira pena. Kawirikawiri amakhala mavalavu amene athina n'kuleka kutseka bwino. Mpata wake suposa gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita pa njinga zambiri, ndipo amauyeza ndi timapepala tachitsulo injini ili yozizira. Kuwakonza si ntchito yodula. Koma utsi wabuluu wosatha ku ekizozi, pamodzi ndi oyilo amene akungochepa, zimaloza ku maring'i kapena timalabala ta mavalavu, ndipo apa injini iyenera kutsegulidwa ndi wodziwa.

Chimene chimateteza zamkatizi ndi oyilo. Injini zimenezi zimanyamula pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo zilibe madzi oziziritsira, zimadalira mphepo ndi oyilo yemweyo. Muzimuyeza m'mawa uliwonse njinga itaima chilili pamalo osapendekeka. Muzimusintha pa makilomita amene buku la njinga yanu likunena, ndipo ngati mumanyamula anthu ndi matumba a chimanga m'fumbi tsiku ndi tsiku, musadikire kuti akwane. Gulani wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA pabotolo, chifukwa kilatchi imakhala m'oyilo yemweyo ndipo oyilo wina wa galimoto amaichititsa kuterera.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsatani mafunsowa limodzi limodzi, kuyambira pa zosalira ndalama, ndipo musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa simudzadziwa chimene chinali ndi vuto. Zikakukanikani, pitani kwa makaniko muli ndi mawu okwanira. M'malo mongoti yafa, muuzeni kuti petulo akufika, pulagi ndi yakuda, moto ulipo, koma imazima ikatentha. Mawu amenewo amamufupikitsira ntchito ndipo amakupulumutsani ku zipangizo zogula mongoyerekeza. Akasintha chinthu, pemphani akuonetseni chakalecho ndi pomwe chawonongeka, kuti tsiku lina zikadzakuchitikirani kutali ndi galaja mudzachizindikire nokha.